Monarch Airlines: inachokera kuti, ndipo inagwa bwanji ndege zake zikudzaza?

Mayi wina wa kwathu amene wakhala ku Luton, m'dziko la England, kwa zaka zoposa khumi walemba kuti atangofika kumeneko ankaona m'mawa uliwonse ndege zokhala ndi chisoti chachifumu kumchira zikunyamuka, ndipo anzake a kuntchito ankamuuza kuti ndi za Monarch, zimene iwo ali ana ankapita nazo ku tchuthi ku Spain pamodzi ndi makolo awo. Tsiku lina mu 2017 anangodzuka n'kumva kuti kampaniyo yatha. Chimene chimawazunguza mayiwa n'chakuti aliyense amene anakwerapo ndegezo amanena kuti zinkakhala zodzaza. Funso lawo ndi lakuti: kampaniyi inachokera kuti, ndipo zimatheka bwanji kuti bizinesi yokhala ndi makasitomala ochuluka chonchi ithe usiku umodzi?

Zikomo kwambiri, Mayi, chifukwa cha funso limeneli. Anzanu a kuntchitowo sakunama, ndege za Monarch zinkadzazadi mpaka sabata yake yomaliza. Koma pa malonda a ndege, kudzaza kwa mipando sikutanthauza kuti phindu lilipo, ndipo kuti timvetse chimene chinachitika mu 2017 tiyenera kuyamba taona mtundu wa malonda amene kampaniyi inabadwira, chifukwa malonda amenewo anayamba kufa zaka makumi awiri kampaniyo isanafe.

Nkhondo yachiwiri ya padziko lonse itatha, munthu wamba wa ku Britain sankalota n'komwe zokwera ndege kukapuma kunja. Matikiti a ndege za boma anali okwera mtengo kwambiri, ndipo malamulo sankalola makampani ang'onoang'ono kupikisana nazo pa maulendo a tsiku ndi tsiku. Mpata umene unalipo unali wa ndege za hayala. Mu 1950 Vladimir Raitz, amene anayambitsa kampani ya Horizon, anachita hayala ndege n'kutengera anthu ku chilumba cha Corsica, atawalipiritsa mtengo umodzi wophatikiza ndege, pogona ndi chakudya. Umu ndi momwe unayambira ulendo wa phukusi, umene pofika zaka za m'ma 1960 unkatengera ogwira ntchito m'mafakitale ndi m'maofesi ku magombe a Spain, Italy ndi Greece kukaothera dzuwa kwa sabata imodzi kapena ziwiri.

Kusiyana kwa ndege ya hayala ndi ndege ya ndandanda ndiye mtima wa nkhani yonseyi, choncho ndiloleni ndichedwepo pang'ono. Ganizirani mwini basi amene mwamupangana kuti anyamule anthu a ku ukwati. Iye mwagwirizana naye mtengo wa basi yonse, ndipo kaya abwera anthu makumi asanu kaya khumi okha, ndalama yake ndi yomweyo, nkhawa yodzaza mipando ili kwa inu amene mwachita hayala. Mnzake amene waima pa depoti kudikira okwera mmodzimmodzi ali ndi vuto lina, chifukwa mpando uliwonse wopanda munthu ndi ndalama yake imene yapita, ndipo basi ina ikaima pambali pake n'kutsitsa mtengo, iyenso ayenera kutsitsa. Monarch inabadwa ngati basi yoyamba ija, koma inafa ili basi yachiwiriyi.

Eni ake enieni anali a banja la Mantegazza la ku Lugano, m'dziko la Switzerland. Antonio Mantegazza anayamba malonda oyendetsa alendo mu 1928 ndi bwato limodzi pa nyanja ya Lugano, ndipo malondawo anakula kukhala kampani ya Globus. Mu 1961 banjali linatsegula Cosmos, yogulitsa maulendo otsika mtengo kwa anthu a ku Britain, ndipo posakhalitsa linaona kuti n'kwanzeru kukhala ndi ndege zakezake m'malo modalira za ena. Bill Hodgson ndi Don Peacock, amene anagwirapo ntchito pa maudindo akuluakulu ku kampani ina ya ndege ya British Eagle, ndiwo anakhazikitsa kampani ya ndegeyo mu Juni 1967 ndi ndalama za banjali. Ulendo woyamba unachitika pa 5 Epulo 1968, kuchokera pa bwalo lomwelo la Luton limene mumaliona kupita ku Madrid, pa ndege ya mtundu wa Bristol Britannia ya mainjini anayi a mapulopela, yogulidwa ku Caledonian Airways itagwirapo kale ntchito. Kampani yokonza ndege, imene pambuyo pake inkatchedwa Monarch Aircraft Engineering, inayamba nthawi yomweyo, ndipo inadzakhala imodzi mwa zinthu zimene Monarch inkanyadira nazo kwambiri, popeza inkakonzanso ndege za makampani ena.

Ntchito ya ndege za tchuthi inali ndi kayendedwe kakekake. M'miyezi yotentha, kuyambira Meyi mpaka Okutobala, ndege sinkapuma: inkanyamuka mbandakucha kupita ku Palma kapena Alicante m'dziko la Spain, kutsitsa anthu otumbuluka ndi kuzizira kwa ku England n'kunyamula anzawo amene apsa ndi dzuwa, kubwerera masana, kupitanso madzulo, ndipo nthawi zambiri n'kuchitanso ulendo wachitatu pakati pa usiku. Mipando inkathithikana kuti mukwane anthu ambiri, ndipo mahotela ankasintha alendo tsiku lomwelo limene ndege yafika, kotero kuti bedi silinkagona lopanda munthu. Vuto linali miyezi yozizira, pamene anthu opita ku gombe amachepa koma ngongole ya ndege ndi malipiro a antchito sizidikira. Kampani iliyonse ya mtunduwu inkayenera kupeza ndalama za chaka chonse m'miyezi isanu ndi umodzi, kenako n'kusakasaka tintchito ta m'nyengo yozizira, monga kutengera anthu ku zilumba za Canary, ku mapiri a masewera a pachipale chofewa, kapena kubwereketsa ndege kumayiko ena.

Chimene chimandichititsa kuilemekeza Monarch ya nthawi imeneyo n'chakuti inali yosamala pamene anzake ankathamanga. Inayamba kugwiritsa ntchito ndege za jeti, za mtundu wa Boeing 720B, kumapeto kwa 1971, ndipo nazonso zinali zogula kwa ena. Mnansi wake pa Luton pomwepo, Court Line, anagula ndege zikuluzikulu zatsopano za Lockheed TriStar podalira makasitomala a kampani ya maulendo ya Clarksons, imene inkagulitsa tchuthi pa mitengo yosabweza n'komwe ndalama zolowa. Mafuta atakwera mtengo mu 1973, zonsezi zinagwa pa 15 Ogasiti 1974, pakati penipeni pa nyengo ya tchuthi, anthu zikwi makumi angapo ali kunja. Monarch inapulumuka, inatenga zina mwa ndege za BAC One-Eleven zimene Court Line inasiya, ndipo pofika 1976 ndege zake zonse zinali za jeti. Kugwa kwa Court Line kunachititsanso kuti boma lilimbitse ndondomeko ya ATOL, chiphaso chimene chinayamba mu 1973 ndipo bungwe loyang'anira za ndege la Civil Aviation Authority limapereka kwa ogulitsa maulendo a phukusi, pofuna kuti kampani ikagwa makasitomala abwezedwe kwawo kapena abwezeredwe ndalama. Chiphaso chimenechi muchikumbukire, chifukwa tikumana nachonso kumapeto.

Zaka za m'ma 1980 ndi 1990 ndizo zinali zaka zonona. Monarch inali m'gulu la makampani oyambirira ku Ulaya kuyendetsa Boeing 757, imene inafika mu 1983, ndege yosamwa mafuta ambiri poyerekeza ndi zakale, yonyamula anthu oposa 200, ndiponso yotha kufika kutali. Mu 1988 inayamba kuoloka nayo nyanja ya Atlantic kupita ku Orlando, ku Florida, pa nthawi imene kuoloka nyanja ndi ndege ya mainjini awiri okha kunali kwachilendo ndipo kunkafuna chilolezo chapadera. Kenako kunabwera Airbus A300 mu 1990, A320 mu 1993 ndi A330 mu 1999, ndipo maulendo anafika ku Caribbean, ku Goa m'dziko la India, ku Maldives ndi ku Mombasa. Pa zaka zonsezi makampani otchuka ankagwa mmodzimmodzi: Laker Airways mu 1982, Air Europe mu 1991, Dan-Air inagulitsidwa kwa British Airways pa paundi imodzi mu 1992. Monarch inkangopitirira, ndipo pa zaka 49 zimene inauluka sinachitepo ngozi yopha wokwera. Chikondi chimene anzanuwo ali nacho pa dzinali chinachokera m'nyengo imeneyi.

Komabe mbewu ya mavuto inamera pakhomo pake penipeni. Mu Novembala 1995 easyJet, kampani ya ndege ya matikiti otsika mtengo, inayamba kuuluka kuchokera pa Luton, ndipo mu 1997 mayiko a European Union anamaliza kuchotsa malamulo amene ankaletsa kampani ya dziko lina kuyendetsa ndege paliponse m'chigawocho. Ryanair ya ku Ireland, ya matikiti otsika mtengonso, nayo inakula mofulumira kwambiri. Pa nthawi yomweyo intaneti inafika m'nyumba za anthu, ndipo munthu amene kale ankalowa mu ofesi ya maulendo mumsewu waukulu wa tauni n'kusankha phukusi m'kabuku ka zithunzi anazindikira kuti angathe kudzigulira yekha tikiti, kudzipezera yekha hotela, n'kupita masiku anayi m'malo mwa masiku asanu ndi awiri amene phukusi linkamukakamiza. Anthu ambiri a ku Britain anali atagulanso nyumba ku Spain ndi ku Portugal, ndipo iwowa ankangofuna mpando wa ndege basi. Makampani akuluakulu a maulendo, amene anadzaphatikizana n'kutsala TUI ndi Thomas Cook, anali ndi ndege zawo, choncho ntchito ya hayala imene inkatsalira Monarch inkachepa chaka ndi chaka, ndipo Cosmos payokha inali yaing'ono kwambiri kuti idzaze ndege zonse.

Monarch inali itayamba kale maulendo a ndandanda mu Julayi 1986, kuchokera ku Luton kupita ku chilumba cha Menorca, koma kwa zaka zambiri imeneyi inali ntchito yapambali. M'zaka za m'ma 2000 inasanduka ntchito yaikulu. Chakudya chaulere chinachotsedwa, katundu ndi kusankha mpando zinayamba kulipiritsidwa padera, ndipo kampaniyo inayamba kudzitcha yotsika mtengo. Ine ndimaona kuti apa ndi pamene panagona cholakwa chachikulu, ngakhale ndikuvomereza kuti njira zina zinali zochepa. Kampani ya zaka makumi anayi ili ndi antchito okhalitsa a malipiro okwera, thumba la penshoni lokhala ndi ngongole, ndi ndege za mitundu yosiyanasiyana zimene iliyonse imafuna oyendetsa ake, amakaniko ake ndi zipangizo zake. Opikisana nayo anali ndi ndege za mtundu umodzi zogula zambiri nthawi imodzi pa mtengo wotsika. Pofika 2017 easyJet inali ndi ndege zoposa 250, Ryanair pafupifupi 400, pamene Monarch inali ndi pafupifupi 35. Pa mpikisano wotsitsa mitengo, amene amawononga zochepa pa mpando uliwonse ndiye amatha kupirira nthawi yaitali, ndipo Monarch sinali imeneyo.

Banja la Mantegazza linathiramo ndalama kangapo, kuphatikizapo mapaundi 75 miliyoni mu 2011, chaka chomwenso kampaniyo inasiya zogula ndege za Boeing 787 zimene inaitanitsa mu 2006. Mu 2014 banjalo linatopa. Mu Okutobala chaka chimenecho kampani yogula mabizinesi odwala ya Greybull Capital inatenga magawo 90 pa 100 aliwonse, ndipo magawo 10 otsala anapita ku bungwe la boma loteteza penshoni, la Pension Protection Fund. Antchito anavomera kuti malipiro awo adulidwe, ena mpaka ndi 30 peresenti, anthu pafupifupi 700 anachotsedwa ntchito, ndege zinachepetsedwa kuchoka pa 42 kufika pa 34, ndipo mu 2015 maulendo a kutali ndi a hayala anathetsedwa. Anaitanitsanso ndege 30 zatsopano za Boeing 737 MAX 8 zoti zidzachepetse ndalama za mafuta. Kudzipereka kwa antchitowo kunabala zipatso, chifukwa mu 2015 kampaniyo inapeza phindu, mothandizidwanso ndi kutsika kwa mtengo wa mafuta pa msika wa dziko lonse.

Tsoka linagwa pa malo amene Monarch inkadalira kwambiri. Pa 26 Juni 2015 munthu wa mfuti anapha anthu 38 pa gombe lina pafupi ndi Sousse, ku Tunisia, ndipo 30 mwa iwo anali a ku Britain. Pa 31 Okutobala chaka chomwecho ndege ya kampani ya ku Russia ya Metrojet inaphulitsidwa itangonyamuka ku Sharm el-Sheikh, m'dziko la Egypt, n'kupha anthu onse 224, ndipo patapita masiku ochepa boma la Britain linaletsa maulendo onse opita kumeneko. Kwa Monarch, Sharm el-Sheikh inali ngati dimba la m'chilimwe, malo amene ankabweretsa ndalama m'miyezi yozizira pamene kwina konse kwauma. Ku Turkey nako kunachitika mabomba ndi kuyesa kulanda boma mu Julayi 2016, ndipo alendo anachepa. Makampani onse amene ankapita kumayiko atatuwa anatembenuzira ndege zawo ku Spain ndi ku Portugal, komwe kunali kale pakhomo pa Monarch. Mipando inachuluka kuposa okwera, ndipo mitengo inagwa.

Pamwamba pa izi panabwera voti ya pa 23 Juni 2016 yoti Britain ituluke mu European Union, imene inagwetsa paundi kufika pamene inali isanafikepo kwa zaka zoposa 30 poyerekeza ndi dola ya ku America. Apa ndi pamene pali yankho lenileni la funso lanu, Mayi. Kampani ya ndege ya ku Britain imalandira ndalama zake zambiri m'mapaundi, koma mafuta ndi lendi ya ndege imalipira m'madola, ndipo ndalama zoterera pa mabwalo a ku Spain ndi ku Portugal imalipira m'mayuro. Choncho zotuluka zinakwera pa nthawi yomweyo imene mtengo wa tikiti unkatsika. Ndege ikhoza kunyamuka pa Luton yopanda mpando wotsala ngakhale umodzi, koma ngati aliyense walipira zosakwanira kuyendetsa mpando wake, ulendowo wadya ndalama, ndipo maulendo akachuluka ndiye kuti dzenje likukula. Mkulu wa kampaniyo, Andrew Swaffield, anafotokoza kuti m'chaka chomaliza ananyamula anthu ochuluka ndi 14 peresenti kuposa chaka chapitacho, koma ndalama zolowa zinachepa ndi mapaundi 100 miliyoni. Kampaniyo inali italengeza kale kuti m'chaka cha zachuma chimene chinatha mu Okutobala 2016 inataya mapaundi 291 miliyoni.

Ponena za kutha usiku umodzi, zoona zake n'zakuti amene ankatsatira nkhaniyi anaona zizindikiro chaka chathunthu zisanachitike. Chiphaso cha ATOL cha nthambi ya maulendo a phukusi chinkayenera kuwonjezeredwa kumapeto kwa Sepitembala chaka chilichonse, ndipo bungwe la Civil Aviation Authority silipereka chiphasocho lisanakhutire kuti kampani ili ndi ndalama zokwanira. Mu 2016 zinafika pothina mpaka Greybull inalengeza thandizo la mapaundi 165 miliyoni mu Okutobala. Mu 2017 thandizo lotere silinapezeke. Chiphaso chinawonjezeredwa ndi tsiku limodzi lokha, ndipo cha m'ma 4 koloko m'mawa wa Lolemba pa 2 Okutobala 2017 kampaniyo inaperekedwa m'manja mwa akatswiri owerengera chuma a KPMG. Ola limenelo silinangochitika mwangozi: ankadikira kuti ndege zonse zikhale zitatera ku Britain, kuopa kuti ina ingagwidwe pa bwalo la kunja chifukwa cha ngongole. Yomaliza inali yochokera ku Tel Aviv kupita ku Manchester. Anthu amene anadzuka usiku kuti akakwere ndege za mbandakucha anafika pa Luton, Gatwick, Birmingham, Manchester ndi Leeds Bradford ndi masutikesi ndi ana ali ndi tulo m'maso, n'kupeza matebulo olembetsera opanda munthu ndi zikalata zowauza kuti abwerere kunyumba. Ena uthenga unawapeza pa foni ali m'njira.

Anthu pafupifupi 110,000 anali kunja tsiku limenelo, ndipo matikiti a m'tsogolo okhudza anthu pafupifupi 750,000 anathetsedwa. Ambiri mwa amene anali kunja sanali otetezedwa ndi ATOL, popeza anagula tikiti ya ndege yokha, ndipo Monarch inali itasiya kuteteza matikiti otere chapakati pa Disembala 2016. Ngakhale zinali choncho, boma linalamula kuti onse abwezedwe kwawo popanda kulipira, chifukwa panalibe mipando yokwanira pa ndege za makampani ena. Civil Aviation Authority inachita hayala ndege zoposa 30, zina za Qatar Airways, ndipo kwa milungu iwiri inali ngati kampani ya ndege payokha. Ntchitoyi inadya pafupifupi mapaundi 60 miliyoni, ndipo pa nthawiyo inali yaikulu koposa ya mtunduwu m'nthawi ya mtendere, mpaka pamene Thomas Cook inagwa mu Sepitembala 2019. Ambiri amafunsa chifukwa chake sanagwiritse ntchito ndege za Monarch zomwezo zimene zinangoima pa mabwalo. Ndegezo zinali za lendi, eni ake ankazifuna, ndipo malamulo a ku Britain sankapereka njira yapafupi yoti kampani yogwa ipitirize kuuluka. Ku Germany zinayenda mosiyana chaka chomwecho, pamene Air Berlin inagwa mu Ogasiti koma boma linaibwereka mayuro 150 miliyoni kuti iuluke mpaka kumapeto kwa Okutobala.

Amene ndimawaganizira kwambiri ndi antchito. Anthu oposa 1,800 anataya ntchito tsiku lomwelo, ambiri a iwo a m'tauni yanu ya Luton momwe munali likulu, ndipo anali omwe aja amene zaka zitatu m'mbuyomo anavomera kudulidwa malipiro kuti kampani ikhale ndi moyo. Oyendetsa ndege ndi ena othandiza okwera anapeza ntchito msanga ku makampani ena, koma a m'maofesi amene anakalambira pamenepo zinawavuta. Nthambi yokonza ndege inapitirira payokha kwa kanthawi, koma nayonso inagwa mu Januwale 2019. Ndege za 737 MAX zija sizinavalepo chisoti chachifumu.

Popeza inu ndi abale ena okhala ku Britain mumagula matikiti okwera mtengo opita kumudzi, pali chinthu chimodzi cha m'nkhaniyi chimene chikukukhudzani mwachindunji. Tikiti ya ndege yokha yogulidwa kukampani ya ndege nthawi zambiri siili pansi pa ATOL, ndipo zimene boma linachita mu 2017 sizikutanthauza kuti lidzachitanso chimodzimodzi. Mukagula kudzera kwa wogulitsa maulendo, funsani ngati mulandira satifiketi ya ATOL. Mukagula nokha, kulipira ndi khadi la ngongole kumakutetezani pansi pa gawo 75 la lamulo la Consumer Credit Act la 1974, malinga chinthucho chikhale cha mtengo woposa mapaundi 100, ndipo ambiri mwa makasitomala a Monarch amene anali asananyamuke anapezanso ndalama zawo kudzera ku mabanki awo.

Chuma chachikulu chimene Monarch inasiya sichinali ndege kapena nyumba, koma mipata yonyamukira ndi kuterera pa mabwalo odzaza. Nkhani ya mipatayi inafika kukhoti, ndipo mu Novembala 2017 khoti la apilo linagamula kuti oyang'anira chuma cha kampaniyo ali ndi ufulu woigulitsa. Ya pa Gatwick inagulidwa ndi IAG, kampani imene ili ndi British Airways, ndipo ya pa Luton inapita kwa Wizz Air ya ku Hungary. Choncho zina mwa ndege za pinki ndi zofiirira zimene mumaziona zikunyamuka m'mawa pa Luton masiku ano zikuuluka pa mipata imene kale inali ya Monarch.